Zoyala za m'Nsapato za a Daka

Nsapato za malemu zinali pakhomo, zitaloza kunjila, fumbi lofiila lili mbuu. Olipa anaziika yekha pansi pa bedi dzulo lake, zopukuta. Anafunsa. Aliyense anakana.

Atate ake, a Jethro Daka, anali ataikidwa kale. Lelo abale anasonkhana ku Kalindawalo kugawa zovala. Olipa chikwama chake sanamasule n'komwe. Mtima unali pa basi ya ku Lusaka.

A Hilary, mng'ono wa malemu, wapampando wa chipani, anayamba ndi nsapato. Anapisa dzanja. Analichotsa msanga.

"Mukufunda umu."

Anakoka chidutswa cha bulangeti chosokeledwa pa chubu ya njinga, chodulidwa ngati phazi, chobowoka pachidendene. Kwinako chimodzimodzi, koma chopanda bowo.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anatembenukila kwa amai Febby, amake Olipa. "Akulu anga phazi linali ngati khasu. Aka n'ka ndani? Munthu kutupa miyendo mpaka kufa, kansi amapondela mankhwala anu! Mailo kukacha ndisakupezeni pano."

Anthu anasendeza mipando. Amai Febby anangoyang'ana nsapato zija.

Olipa anayang'ana bowo. Anayang'ana mapazi a amake pamphasa. Anagwada.

"Amama, bweletsani mwendo."

"Iwe, pa anthu?"

"Bweletsani."

Anaika chidutswa kuphazi. Chinakwana ndendende. Bowo linagwela pachipsela, pamene chitsa cha thonje chinawalasa kalekale.

"Zatsopano zimaluma," anatelo amai Febby motsitsa mawu. "Atate ako ankasoka, n'kuyamba kupondela iwo. Kuyenda pansi mpaka pa Boma ku Petauke, kubwelanso pansi. Zikafewa, ndiye kundipatsa."

"Nanga izi?" anafunsa a Hilary. Mawu anali atachepa.

"Izi anasoka ali gone. Sanapondepo. Anati, 'Febby, usavale, zikali zouma. Ndikadzuka ndikuyendela.'"

Olipa anayang'ana kunjila. Kunalibe munthu.

A Hilary anabweza nsapato pakhomo ndi manja awili. Anapukuta zala pathalauzi. Za kuchoka sanazitchulenso.

Amai Febby anatenga chidutswa chija. Anachisindikiza ndi chala, pakati, kenako m'mbali. Anachilowetsa m'nsapato yawo ya nsalu, n'kuimilila osagwila khoma.

"Zafewa," anatelo. "Ayenda atate ako, afika."