Chingwe cha Mkamwini

Abwana atagulitsa nkhosa zonse n'kusandutsa famu malo ogona alendo odzawedza mu mtsinje wa Gallegos, ine wometa nkhosa ndinatsala manja lende. Ntchito inalipo imodzi yokha, yoperekeza alendo kumtsinje, ndipo tinkailimbirana awiri, ine ndi Efraín. Wotiphunzitsa anali a Nicanor, apongozi ake a Efraín yemweyo. Ndiye mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Kuwedza kwake n'kwa ndodo yaitali yogwira ndi manja awiri. Kambedza kovekedwa nthenga n'kopepuka, chimene chimakafikitsa patali ndi kulemera kwa chingwe. A Nicanor anampatsa mkamwini wawoyo chingwe chachitali, chosalala, chotera pamadzi mwakachetechete. Ine anandiponyera chachifupi, chonenepa ngati chomangira hatchi, chosuluka kale. Chikamagwa, phava!

"Madala, chimenechi n'chowedzera kapena chothamangitsira nsomba?"

"Iwe Belisario, koka ndi dzanja lam'munsi. Lam'mwambalo likuona ngati likadameta nkhosa."

Milungu itatu ndinkangowayang'ana m'mbali. Efraín akalakwitsa, iwo zii. Ndikalakwitsa ine, kundikalipira mpaka akalulu a m'tchire kuthawa. Mtima unkandiwawa. Ndinati apa akundikonza, ntchitoyi anagawana kale kunyumba kwawo.

M'mawa wa tsiku lotiyesa, awiriwo akuothera m'galimoto, ndinasinthanitsa zingwe pandodo zathu.

Abwana atangofika, mphepo yakumadzulo inadzuka, ija yokankha munthu. Ndinaponya. Chingwe chokongola chija mphepo inachipinda n'kuchibweza pamapazi panga. Katatu konse, chimodzimodzi. Efraín anayang'ana chingwe chachilendocho, anandiyang'ana ine, kenako anaponya mwamantha. Chinaboola mphepo mpaka pafupi ndi tsidya. Abwana anamugwira chanza pomwepo, ntchito n'kukhala yake.

Onse atapita kugalimoto, a Nicanor anatsalira, akufunyulula chingwe cha pandodo yanga.

"Wasintha ndiwe?"

Ndinangowerama.

"Chonenepa chija n'changa, mphwanga. Zaka khumi chikundidyetsa pamphepo ngati ino. Mkamwini wangayo analirira yekha chokongolachi, ndinangomuleka."

"Nanga kundikalipira konse kuja?"

"Ndikanataya mawu pa munthu amene sindikumufuna? Mlesi ameneyu ndimamuona kale patebulo panga Lamulungu lililonse. Ndinkafuna iwe."