Mbozi za Mawanga M'chidebe cha Alamu

Fungo linamulandira asanatsegule n'chitseko chomwe. Anakhala kunja zaka makumi awiri ndi zitatu, ntchito yake ili yopopa magazi a mbozi za silika ndi kasingano n'kumawaunika pa maikulosikopu, koma mphuno yake inkasungabe fungo la nyumba ya mbozi ya malemu bambo ake: masamba a mabulosi ongothyola kumene ndi laimu wouma wophera matenda. Lero munkanunkha ngati sanza yonyowa yoiwalika kunsi kwa bedi.

Mawindo onse anali otseka, pansi pali chinyontho. Mbozi zakufa zinali zitauma gwa, zoyera mbuu ngati tizidutswa ta choko, nkhungu itazimera thupi lonse. Mtundu uja wa zikwa zachikasu, umene bambo ake anausunga moyo wawo wonse, unatsala m'thireyi imodzi yokha.

"Adokotala a mbozi afika," anatero mwamuna wa mng'ono wake, amene ankayang'anira nyumbayo tsopano. "Takulandirani. Tizilombo tanu tikungofa, mwina tinkakusowani."

"Alamu, masambawa anyowa bwanji?"

"Ndimawaza madzi kuti asafote. Chakudya chouma mungadye inu?"

"Nanga zakufazi mumataya kuti?"

"Kutaya? Ndi manyowa amenewo. Ndimathira patsinde pa mabulosi."

Ndiye kuti nkhungu inkatuluka ndi mitembo m'mawa n'kubwerera ndi masamba madzulo. Bambo ake, amene sanaonepo maikulosikopu, ankatentha mbozi yakufa iliyonse, ndipo munthu sankalowa muno osasamba m'manja.

Pakona panali chidebe. Mkati mwake, pakati pa ndowe ndi masamba owola, china chake chinkayenda. Anagwada. Zinali mbozi zamoyo, za timawanga takuda m'mbali.

"Zimenezo n'zauve, ndazichotsa," alamu anatero. "Ndasiya zoyera bwino."

"Zoyera bwino zanuzo zina mawa zikhala choko." Anatola imodzi, ikuterera m'zala. "M'magazi a mbozi muli mapuloteni ozindikira nkhungu. Ikangoboola thupi, amaigwira n'kudzutsa anzawo, ndipo onse amaikuta ndi utoto wakuda kuti isafalikire. Banga lililonse apa ndi pamene mbozi yalimbana nayo. Zambiri zimagonjabe, koma izi zinayesako. Inu mwazitaya kudzala."

"Ndiye munapitira zimenezi kunja konse kuja? Kukaphunzira kutola m'chidebe?"

Anapinda manja a bulauzi n'kupisa m'chidebemo mpaka m'chigongono. Anatolamo khumi ndi zinayi, iliyonse m'kabokosi kakekake, n'kupita nazo kuchipinda chimene ankagona bambo ake, chimene tsopano chinali chosungiramo matayala akutha. Anatsegula zenera, nawaza laimu. Masamba ankakathyola kutali, kumtengo wa kuseri kwa sukulu, n'kuwapukuta limodzilimodzi.

Thireyi ya alamu inatha yonse pasanathe sabata. Za m'timabokosi nazo zinkauma, lero ziwiri, mawa imodzi, ndipo iye ankazitentha yekha atatseka mphuno. Zinayi zinaluka zikwa, zachikasu ngati kale. Agulugufe anatuluka atatu, wamkazi mmodzi yekha. Ameneyo anaikira mazira papepala, aang'onoang'ono ngati njere za mpiru.

M'mawa mwake anapeza alamu pakhomo pa chipindacho, atanyamula thaulo likudontha madzi.

"Ndimati ndifunditse mazirawo, kwatentha. Paja mtunduwu ndi wathu tonse."

Anayang'ana thaulolo, nayang'ana timadontho tikulowera kunsi kwa chitseko.

"Alamu, kayanikeni panja."

Anakhoma chitseko, kiyi n'kumumangirira pachingwe cha m'khosi. Kenako anapita kukafuna machesi ndi khasu, poti patsinde pa mabulosi panali poyera mbuu ndi mbozi zakufa zija.