Pepala la M'felemu

Alamu ake a telala anthu ankangowatchula kuti Asuti, chifukwa suti yawo inali imodzi yomweyo, yopitira ku ukwati ndi ku maliro komwe, yonyezimira m'zigongono ngati yapakidwa mafuta. Ntchito analibe. Koma nzeru zogawira katundu wa anthu ena, eee, zimenezo ndiye zinali zosefukira.

Tsiku lomwe mwamuna wa telalayo anamwalira, anthu akulira pabalaza, Asuti anakwera pampando n'kutsitsa felemu yomwe inkakhala pamwamba pa kabati. M'felemumo munali pepala la umwini wa nyumba, lolembedwa dzina la malemu. Telala anaona zonsezo ali pansi, koma mphamvu zolankhulira analibe.

Patatha milungu itatu Asuti anatulukira, felemu ili m'khwapa, pambuyo pawo pakubwera mwini butchala wina wamimba yake.

“Mlamu,” anatero Asuti, “nyumba ino ndi ya mng'ono wanga, ndiye kuti ndi yathu abale ake. Wagwira pepala wagwira nyumba. Bambo awa akuigula, inu yambani kulongedza mashini anuwo.”

Wabutchala anali atayamba kale kuyeza khonde ndi mapazi, akuti apa pakhala bwino firiji. Firiji! Pakhonde pomwe telala wasokerapo zaka khumi ndi ziwiri, pomwe mwamuna wake anatsira simenti ndi manja ake. Telala mtima unamuwawa, komanso anachita mantha. Ana atatu ndi mashini akalowera nawo kuti?

“Mawa tipitire limodzi ku ofesi ya zamalo,” anatero Asuti, “mukamve nokha lamulo, musamadzati ndinakuberani.”

Ku ofesiko onse atatu, ndi wabutchala yemwe, anakhala pabenchi mpaka msana kuuma. Fani inali yakufa, mafayilo omangidwa ndi zingwe ataunjikana mpaka pawindo. Asuti sanatope. Ankaphunzitsa malamulo aliyense woyandikana nawo, munthu woti ngakhale khola la nkhuku sanamangepo.

Nthawi yawo itakwana anaika felemu pakauntala monyadira ngati satifiketi ya sukulu. Mlembi wa pamenepo, mayi wa magalasi, anangoiponyera diso, n'kukopera nambala ya puloti, n'kulowa m'kati. Anabwerako ndi fayilo yafumbi.

“Inu bambo, ndinu ndani pa nyumbayi?”

“Mkulu wake wa malemu. Mutu wa banja.”

“M'kaundula wathu mulibe polemba mitu ya mabanja,” anatero mlembi akutsegula fayilo. “Ndipo mwanyamulayi ndi fotokope ya pepala lakale. Lenilenilo lili muno, linathetsedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Malemu anadzalembetsa nyumbayi m'maina awiri, lawo ndi la akazi awo, ngati eni ake limodzi. Ikalembedwa choncho, mmodzi akamwalira yonse imatsala ndi winayo. Akazi awo ndi ati?”

Telala anakweza dzanja pang'onopang'ono. Mlembi anatembenuza fayilo, ndipo apo panali siginecha ya telala yemweyo, yokhotakhota, yolembedwa mwaukali.

Telala tsikulo analikumbuka. Anali ndi madiresi asanu ndi atatu a operekeza mkwatibwi, ofunika mawa lake, mwamuna wake n'kumukoka kuti tiye ku ofesi. Anamukalipira njira yonse. Pabenchi lomweli anamuuza kuti ndi munthu wosowa chochita, wokonda mapepala ngati mbewa. Anasaina osawerenga n'komwe, maso ali pa wotchi. Mwamunayo anangoti, “Saina, mayi a ana. Achimwene anga ndimawadziwa ine.” Envelopu ya ku ofesiko yomwe mwamunayo anadzabwera nayo pambuyo pake inali idakali m'dirowa ya mashini, pansi pa ulusi, yosatsegula.

Misozi inalengeza, koma anaibweza. Sangalire pamaso pa Asuti.

“Mayi, mudzabwere ndi chikalata cha imfa tidzachotse dzina la malemu, basi,” anatero mlembi. “Wotsatira!”

Wabutchala anali atatuluka kale osatsanzika. Asuti anangoti kakasi, thukuta likutsikira m'kolala. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. Koma awa, pokhala opanda manyazi, anayesabe.

“Mlamu, zinazi tikakambirane kunyumba ngati banja. Magazi ndi magazi.”

“Kunyumba kwa ndani, alamu?”

Telala anakoka felemu ija, n'kupinda timisomali takumbuyo ndi chikhadabo. Anasolola fotokope ija n'kuwaikira m'thumba la suti, bwinobwino, ngati mpango.

“Ili tengani, mwalinyamula nthawi yaitali. Felemuyi ndinagula ndine. Ndikufuna ndikaikemo chithunzi cha mwamuna wanga.”