Boti la Zuleka mu Lipoti la Azungu

Omari anali mkamwini wa pakamwa pokoma, m'manja mopanda kanthu. Kwa mkazi wake Zuleka anabwera ndi mkeka ndi kofiya basi, koma mmene ankayendera pa Chipoka mukanati njanji anayala ndi iyeyo. Chinamukweza mapewa ndi ukapitawo wa pakampani ya nsomba.

Mwini chinthu pakhomopo anali Zuleka. Atsibweni ake, Che Mustapha, pomwalira anamusiyira boti la matabwa. Pa njala ya fote naini ija, anthu akukumba mizu kutchire, botilo ndi limene linasunga mbumba yonse. Ngakhale Jamila, mlongo wake wa Omari, amene anabwera kudzacheza n'kuiwala njira yobwerera kwawo, ananenepera pa boti lomwelo.

Tsono kampaniyo sinali ya mzungu wa padoko uja anthu ankamutcha Bwana Mphuno. Iyeyo anali waganyu chabe. Eni ake anali ku Mangalande, khwimbi la anthu amene anasonkha ndalama, ena nkhalamba zoti chambo sizinachionepo. Lamulo la kwawoko linkati chaka ndi chaka kampani izilemba lipoti, kuwauza eni akewo zonse, maboti alipo ndi ati, makoka ali bwanji, chaonongeka n'chiyani. Ukanama mmenemo, ndende. Ndiye chaka chimenecho boti limodzi la kampani linamira ndi mwera cha ku zilumba za Maleri, chifukwa Mphuno analidzazitsa katundu ngati ngolo. Mu lipoti sanatchulemo. Kenaka kunamveka kuti kukubwera mzungu wina pa sitima ya pamtunda, wodzaona ndi maso ngati zolembedwazo zilipodi.

Omari anafika kunyumba akumwetulira ngati wapha mvuu.

"Amake Musa, kukampani kukubwera mlendo. Bwana akupempha boti lanu likaime nawo padoko, mlendoyo akaone."

"Likaime nawo ngati ndani?"

"Monga timabwerekera mbale pa ukwati. Mlendo akapita, mbale zibwerera."

"Mbale zanga munabwereka pa ukwati wa mlongo wanuyu zili kuti? Ukwati unatha, mbale sizinabwerebe."

Jamila, amene ankasenda chinangwa cha eni ake pakhonde, anayankha osadzutsa mutu. "Alamu, kumana munthu chinthu tsiku lolandira mlendo, kwathu timati ufiti."

"Kwanu kuti? Mukukukumbukira?"

Anatukwanizana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo, koma Zuleka analola. Mlendo ndi mlendo. Mnzako akamalandira mlendo umamubwereka mpando, mbale, ngakhale mbuzi yoti ingoima pakhomo. Ndi mmene anthu amakhalira.

Tsiku la mlendoyo Zuleka anapita kudoko, ndipo boti lake analizindikira ndi mphuno yake yokhota yokha. A kampani anali atalipaka penti yobiriwira ngati maboti awo. Mtima unamuwawa, anakagwira chingwe chake n'kuima pomwepo osasuntha. Mzungu wachilendoyo, wowonda ngati bango, anayenda boti ndi boti akugogoda matabwa ndi ndodo. Atafika pa Zuleka analankhula za m'mphuno, ndipo Lenard, kalaliki wa kampani, anamasulira.

"Akufunsa kuti mwagwiriranji chingwe, mayi. Akuti botili ndi la kampani kapena ayi?"

Asodzi, amayi ogula usipa, ashehe amene ankadutsa, onse maso pa Zuleka. Omari thukuta kamukamu. Ndipo mkazi wolangidwa bwino savula mwamuna wake pamaso pa mlendo, ngakhale mwamunayo akhale galu. Zokavulanazo n'za kunyumba. Zuleka anagwada pamchenga.

"Ndi la bwana," anatero.

Mzungu analemba. Anatulutsa kachitsulo ka mkuwa kokhala ndi nambala, anakhomera pamphuno ya boti, anajambula chithunzi Omari ataima pambali chifuwa patsogolo, n'kukakwera sitima yake.

M'mawa mwake Zuleka anapita kukatenga mbale yake ija. Anapeza boti lili pamadzi, anyamata a kampani akupakiramo khoka. Ku ofesi Mphuno sanatuluke n'komwe, anatuma Lenard pawindo.

"Mayi, zimene zalowa mu lipoti zapita ku Mangalande. Kumeneko anthu akugula masheya poona maboti amenewa. Likasowa limodzi, bwana amangidwa."

"Amangidwe. Ndi m'bale wanga?"

"Komanso munanena nokha, anthu akumva. Ine ndinangomasulira."

"Ndinanena za ulemu, iwe mwana wa mishoni. Kwanu mlendo akafunsa ngati mwadya, mumati tagona ndi njala?"

"Azungu za ulemu salemba, mayi. Amalemba zimene mwanena."

Kunyumba anapeza Omari akudya chambo, Jamila akumuthirira madzi.

"Bwana akuti andikweza," anatero Omari, osamuyang'ana kumaso. "Ndidzakugulirani lina, Inshallah."

"Mulungu musamulowetse m'zakuba zanu. Mudzagula ndi chiyani, kofiya?"

"Alamu, pakamwa panu pomwepo ndi pamene panapereka boti," anatero Jamila. "Achimwene anangobwereka. Wogwada uja ndinali ine?"

Mawu amenewo anamulasa Zuleka chifukwa anali oona, ndipo palibe chowawa ngati zoona zotuluka m'kamwa mwa mlamu wodya zako. Anamanga nsalu m'chiuno n'kuyenda khomo ndi khomo kwa azing'ono ake, ana a azakhali, onse amene anapulumuka njala ndi boti lija.

Lachisanu masana, amuna ali ku mzikiti, amayiwo anatsikira kudoko ndi mitengo ya migwalangwa. Anakoka boti kulichotsa m'madzi, analigoneka pamitengo n'kumaligubuduza, akuimba nyimbo zotukwana za kuchinamwali zimene sizitchulidwa pagulu. Mlonda wa kampani atamva mawu a nyimbozo anatseka makutu n'kuyang'ana kumadzi. Anadutsa nalo pamsika, anaoloka njanji, mpaka pabwalo la Zuleka, n'kulivundikira pansi pa mtengo wa mango.

Mphuno anabwera pa njinga yamoto, nkhope ili psuu, Lenard atakwera kumbuyo.

"Akuti aitana apolisi a ku Salima," anatero Lenard.

"Aitane. Ndiwaphikira tiyi, ndiwauzenso za boti lija lili pansi pa madzi ku Maleri."

Lenard anamasulira motsitsa mawu. Mphuno analankhula pang'onopang'ono.

"Akuti apolisi sabwera. Koma nambala ya pabotiyo inalowa kale m'buku la boma. Tsiku limene botili lidzakhudze madzi, ndi la kampani, ndipo wopalasayo ndi wakuba. Akutinso Che Omari asadzaonekenso kuntchito."

Njinga inapita. Zuleka anayang'ana boti lake lili chafufumimba pafumbi, kutali ndi nyanja, ndipo anadziwa kuti mzunguyo sakunama. Lake linalidi lake, koma nsomba silidzaphanso.

Omari anabwera kuchokera ku mzikiti n'kupeza mkeka wake uli panja, mtolo wa Jamila uli pamwamba pake.

"Amake Musa, tikambirane ngati anthu."

"Tinakambirana kale, za mbale."

"Nanga ndikagona kuti?"

"M'boti la kampani yanu. Si ilo? Lowani pansipo, mvula sikufikani."

"Ine nanga?" anafunsa Jamila.

"Sitima imene inakubweretsani ikuyendabe."

Jamila anapita m'mawa mwake akutukwana mpaka kusiteshoni. Omari kwawo kunalibe womufuna, ndiye anakwawiradi pansi pa boti, mwezi ndi mwezi, akulimbirana malo ndi nkhuku zimene zinayamba kuikira mazira momwemo. Ashehe anabwera kudzayanjanitsa, Zuleka anawayalira mphasa, anawapatsa tiyi, anavomera zonse mwaulemu atagwada. Atangochoka anatseka chitseko.

Matabwa anayamba kung'ambika ndi dzuwa chaka chisanathe. Zuleka ankagula usipa kudoko ngati wina aliyense, ndipo wogulitsa akamuchepetsera mulu ankamutukwana mpaka agogo ake.