Mpata wa a Piyasena

"Sintha nambala imeneyo," anatero Jayantha, chala chili pa kompyuta. "Mpeni wa makinawa ndi wa mamilimita sikisi. Iwe pakati pa chidutswa ndi chinzake wasiya thwelofu. Enawo ukusungira ndani?"

"Anaika ndi bambo, achimwene," anayankha Sumith, mng'ono wake, akusesa utuchi pathebulo la makina odulira matabwa. "Amati tizidutswa tikathinana, mpweya woyamwa thabwa sutigwira. Timathawa."

"Bambo, bambo. Iwe mutu unaikira limodzi m'bokosi?"

Mbendera zoyera za maliro a bambo awo, a Piyasena, zinali zisanatsitsidwe mumsewu wawo mumzinda wa Moratuwa. Mawa lake amonke, ansembe a ku kachisi, ankabwera kudzalandira chakudya m'dzina la malemu, ndipo banja linali litalonjeza kupereka ku kachisi kabati ya mabuku imene bamboyo anaisiya theka. Bolodi, thabwa lalikulu lopangira kabatiyo, inatsala imodzi. Pa mpata umene bambo ankasiya, zidutswa zonse zinkalowa kupatula shelefu imodzi.

Mayi awo, a Karunawathi, ankapala kokonati kukhitchini, khutu lili kushopu. Za shelefu analibe nazo ntchito. Mantha awo anali pa ana awiriwa, amene chibadwire sanagwirizanepo ngakhale pa mchere wa m'ndiwo. Atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa analira m'shopu imodzi mpaka kumera imvi, ndipo dzulo lake Jayantha anali atanena poyera kuti agulitse makina, agawane, aliyense aone msana wa njira.

"Tipereka kabati yoperewera pamaso pa amonke?" anafunsa Jayantha. "Anthu atiseke?"

"Kuperewera kuli bwino kusiyana ndi kubenthuka."

"Choka apo."

Sumith anachokadi, n'kupinda manja. Jayantha anachepetsa mpata, zidutswa zonse zinathithikana pagalasi la kompyuta, shelefu ija n'kulowa. Anamwetulira pang'ono, n'kuyatsa makina.

Mpeni unayenda bwinobwino mbali yoyamba, yachiwiri chimodzimodzi. Utafika pa kachidutswa kakang'ono ka pakona, kanagwedera, kanatembenuka, mpeni n'kukaponyera kukhoma kuti pha! Podutsa kanabenthula m'mphepete mwa shelefu imene anaivutikirayo. Jayantha anazimitsa makina. Utuchi unkagwa pang'onopang'ono.

Sumith anatsegula pakamwa. Mawu amene ankabwera onse awiri ankawadziwa, ndipo akanatuluka, shopu ikanathera pomwepo.

"Tiyi," anatero a Karunawathi pakhomo.

Analowa ndi makapu awiri, m'manja mukadali tinyenyeswa ta kokonati. Anapatsa wamkulu, anapatsa wamng'ono. Kenaka anayang'ana bolodi ija nthawi yaitali, ngati kuti amadziwa za makina.

"Zitseko za kabatiyi zili bwino?"

"Sizinadulidwe, amayi," anatero Sumith.

"Ndiye mwaimiranji? Amonke sawerenga mashelefu."

Jayantha anamwa tiyi wotentha osapuma, mpaka misozi inalengeza, ndipo palibe anafunsa ngati anali tiyi yekha. Anabwerera pa kompyuta, anafufuta nambala yake, n'kulemba ya bambo. Shelefu inatuluka m'chithunzi, zotsalazo zinatalikirana.

"Dula iwe," anatero osamuyang'ana mng'ono wake. "Koma usayambe kundiphunzitsa."

"Ine sindinanene kanthu."

"Nkhope yakoyo ikunena."

"Nkhope ndi yomweyi, achimwene, ndinabadwa nayo."

"Ndiye vuto lake limenelo."

Mawu anali atayambanso kukwera. A Karunawathi anapita pakona, anakoka kampando ka amuna awo kamene palibe anali atakakhudza chimwalirireni, n'kukakhazika pakati pa kompyuta pamene panaima Jayantha ndi batani la makina pamene panaima Sumith. Anakhala pansi, n'kuyala nsalu yawo ya sari pamaondo.

"Amayi, pamenepo pamagwa fumbi lonse," anatero Jayantha. "Ndipo simuona chilichonse."

"Ndikudziwa. Bambo anu anandidandaulira zaka zonsezi."

"Nanga ankakhaliranji pamenepo?"

A Karunawathi anangoyang'ana kutsogolo, mwana uyu kumanja, uyu kumanzere, aliyense woti pofuna kufikira mnzake adutse kaye pa iwo, monga zinkakhalira nthawi ya amuna awo.

Sumith anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kuyatsa makina.