Mawu a Anjelina M'mitsuko

A Alufeo anali ndi kaseti imodzi yokha momwe munali mawu a malemu akazi awo, a Anjelina, akutsogolera nyimbo ya Chilatini pa Misa ya Pasaka. Wailesi yoimbira makaseti idafa kalekale, koma kasetiyo ankaisungabe m'thumba la jekete la ukwati. Dominiko, mwana wa mlongo wawo, atabwera kuchokera ku Lilongwe kudzaipempha, iwo adayamba akana.

"Ndikungobwereka, amalume. Tikukonza chionetsero cha mawu ndi kuwala m'tchalitchi chakale chija, chokumbutsa mmene Chikhristu chidafikira kumapiri kuno. Azakhali aimbanso."

Atamva mawu otsirizawo, adatulutsa kasetiyo n'kumupatsa.

Tsiku la chionetsero kudacha ndi nkhungu. A Alufeo adavala jekete lija, nadutsa m'minda ya kachewere kulowera cha ku Bembeke. M'tchalitchimo mazenera adawaphimba ndi mapepala akuda. Pansi adandandalika mitsuko yadothi, uliwonse uli ndi kasipika ndi kanyali kofiira mkati. Mudamveka belu, kenako mapazi a anthu ambiri, kenako ng'oma za gule wamkulu. Pakati pa ng'omazo padatuluka kubuula kwakuya ngati kwa ng'ombe yodwala.

A Alufeo sakadazindikira kuti kubuulako ndi mawu a akazi awo pakadapanda kachifuwa. A Anjelina ankatsokomola pang'ono asanakweze mawu, ndipo nako kachifuwako, atakakoka, kakubwerezabwereza mu mtsuko wa pafupi ndi phazi lawo.

Nyali yoyera itayaka kudenga, padaoneka timalamba tonyezimira tikulendewera pa mitengo yonse ya dengalo. Mayi wina adanong'ona kuti mwana amene wakonza zimenezi ali ndi luso. A Alufeo adatambasula dzanja nakhudza kamodzi. Inali tepi ya m'kaseti, yoduladula.

A Alufeo adampeza Dominiko pakhomo akumwetulira alendo.

"Kaseti yanga ili kuti?"

"Ndi imene mwaionayo, amalume. Musadandaule, mawu ndidawalowetsa m'kompyuta."

"Tsegula tsono, ndiwamve. Akuimba ngati munthu."

Dominiko adakanda kumutu. "Oyambawo ndidafufuta, malo adachepa. Atsala okonzawa."

"Wawasakaniza ndi ng'oma zomwe? Mayi amene ankalolera kuzungulira phiri ndi mtolo wa nkhuni kusiyana n'kudutsa pabwalo la gule?"

"Ndiye uthenga wake umenewo, amalume, kuti mbali ziwirizi zikumane."

"Udawafunsa eni ake?"

Sadadikire yankho. Adabwerera mkati, nalambalala mitsuko mpaka pakati, pamene kuwala kunkagwera. Adathothola kalamba kamodzi n'kuyamba kukakulunga pachala, pang'onopang'ono, kuti kasapindike. Anthu adaganiza kuti nazonso n'zachionetsero, ndipo ena adaomba m'manja.

Adakaika m'thumba muja munkakhala kaseti. Panjira yobwerera adayesa kuimba nyimbo ija chamumtima, kuti amve mawu a Anjelina monga ankawamvera masiku onse, koma m'makutu mwawo munkangobwera kubuula kuja.