Mbale Khumi ndi Ziwiri za Delphine

Phula linathera pa bokosi la makalata. Kutsogolo kunali chipale chofewa ndi mitengo basi. Delphine Kowalchuk anazimitsa wailesi ya m'galimoto, ngati kuti kutero kumuthandiza kuona. Sikisi koloko inali isanakwane, koma Januwale alibe chisoni, mdima unali utagwa kalekale. Kuchokera ku Winnipeg anali atayenda maola atatu. Kumbuyo, katoni inali itamangidwa lamba ngati munthu.

M'katonimo munali mbale zadothi khumi ndi ziwiri. M'thumba la jekete munali fomu imodzi ya mizere iwiri.

Zaka zisanu Delphine anakhala akuphunzira madigiri awiri nthawi imodzi: sayansi ya nthaka m'mawa, luso loumba masana. Kwa asayansi ankamutcha woumba uja. Kwa oumba ankamutcha wa manambala. Ntchito yomaliza inali imodzi, koma yofunika kusainidwa mbali zonse ziwiri pofika Lolemba. Kupanda apo, dzina lake silikanalowa pa mndandanda wa omaliza chaka chimenecho.

Dothi anakumba yekha, malo khumi ndi awiri m'mbali mwa mtsinje. Malo amodzi, mbale imodzi. Mayi Bhandari a ku sayansi anali atasaina kale, ndi mawu amodzi: Lolemba mbale zonse zilowe m'makina, zipsinjidwe mpaka kusweka, mphamvu yake ilembedwe. Zonse, osati zina.

Mzere wachiwiri unali wa a Sigurdson a ku luso. Iwo anali pa tchuthi cha chaka kumunda kwawo, ndipo foni ankaisunga m'dirowa ya masipuni.

Delphine atafika, a Sigurdson anatsegula chitseko atavala majuzi awiri. Anayang'ana katoni, kenako mwini wake.

"Ndiwe wa manambala."

"Ndine, aphunzitsi."

"Vula nsapato. Wadya?"

Delphine anatulutsa fomu. Iwo anailandira, naipsinja ndi botolo la mchere pa tebulo, osaiwerenga. Anati mbale saiweruza ndi maso. Zithunzi zimene ankawatumizira anali asanazitsegule n'komwe. Mbale imadziwika ukadyeramo.

Pamoto panali mphika wa supu wa nandolo, wokwanira banja la maliro. Anandandalika mbale zonse. Iliyonse chikho chimodzi cha supu. Anayamba ndi yoyamba.

Delphine anakhala akuonerera munthu wamkulu akudya chakudya chamadzulo kakhumi ndi kawiri. Yachiwiri anati ndi yolemera ngati chikumbumtima. Yachinayi inawaotcha zala. Yachisanu anati mlomo wake ndi wa munthu amene sanamwepo kanthu chibadwire. Pa yachisanu ndi chimodzi anamasula lamba. Inafika yachisanu ndi chiwiri. Anasiya sipuni, nanyamula mbaleyo ndi manja onse awiri, n'kumwera momwemo. Anaitembenuza. Pansi pake panali nambala yolembedwa ndi msomali.

Zotsalazo anazimaliza mwamwambo chabe.

Potsuka, iwo ankatsuka, iye ankapukuta. Anamufunsa za makinawo. Delphine anafotokoza: chitsulo chimatsika pang'onopang'ono, mbale imalira kamodzi, kompyuta imalemba nambala. Anafunsa za mapale. Anayankha kuti amaponyedwa m'ndowa.

"Ndowa," anatero a Sigurdson. "Zaka zisanu, ndowa."

Kenako ananena zawo. Anati asaina. Khumi ndi imodzizo mayi Bhandari aziswe mmene angafunire, zina mwa izo makinawo azichitira chifundo. Koma yachisanu ndi chiwiri itsale. Ikaonetsedwe ku chionetsero cha omaliza, yathunthu. Pa ana onse amene anawaphunzitsa, ochepa anaumbapo mbale yotero, ndipo palibe anaipereka kwa chitsulo.

Delphine anakumbutsa kuti mayi Bhandari anati zonse.

"Ukawauze kuti inagwa m'njira."

"Adzafuna mapale, aphunzitsi."

"Ukawauze kuti inabedwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi ine."

Delphine anapitiriza kupukuta mbale youma kale. Kunama sankatha. Komanso anali atatopa. Zaka zonsezi ankapepesa uku chifukwa cha uko. Kwa asayansi ankabisa zala za dothi. Kwa oumba ankabisa kabuku ka miyezo. Anaika nsalu pansi.

"Inu mukuti ndi yabwino. Inenso ndikuti ndi yabwino. Nanga n'chifukwa chiyani? Inu simukudziwa, ine sindikudziwa. Manja ndi omwewa, moto womwewo. Chasiyana ndi dothi. Dothilo lili pa gombe, lambirimbiri, ng'ombe zikulipondaponda. Ndikaiswa ndidziwa. Ndikadziwa ndiumba zana."

"Ukapanda kudziwa?"

"Ndiye kuti ndaswa mbale yabwino."

A Sigurdson anachotsa chotsekera m'sinki, naonerera madzi mpaka anatha. Anati mbale imayesedwa kawiri, supu madzulo, phala m'mawa. Anamuonetsa sofa ndi bulangeti. Anamuchenjeza kuti galu amagona pomwepo ndipo sasuntha.

Galuyo sanasunthedi.

Kusanache, Delphine anadzutsidwa ndi sipuni ikugunda mbale. A Sigurdson anali pa tebulo, akudya phala m'mbale ija, pang'onopang'ono, ngati munthu wotsanzikana ndi mnzake pa siteshoni. Atamaliza anaitsuka okha, kuipukuta okha, kuikulunga m'nyuzipepala okha. Anaiika m'katoni. Anachotsa botolo la mchere, nasaina. Cholembera chinakana kawiri, kachitatu chinalola.

Delphine anafuna kuthokoza. Iwo anali atatembenuka kale, akufika pa shelefu yapamwamba. Anatsitsa mbale yakuda, yakale, yosalala m'mphepete chifukwa cha milomo. Anaiumba ali ndi zaka makumi atatu. Anati sanaumbenso ina yoiposa, ndipo anthu ambiri anaiyamikira, ena m'manyuzipepala. Koma palibe anawauzapo nambala ya mphamvu yake.

Anaikulunga. Anaifinyira pakona ya katoni.

"Iswenso imeneyi."

"Aphunzitsi, iyi siili pa fomu."

"Makinawo amawerenga fomu?"

Delphine anavomera kuti sawerenga.

"Ikakhala yanga yolimba, undiimbire. Foni ndiitulutsa m'dirowa."

"Nanga ikakhala yanga?"

"Ulembe kalata. Makalata amachedwa kuno."

Kunja galimoto inali itakwiririka m'chipale chofewa mpaka m'magalasi. A Sigurdson anamupatsa fosholo, iwo n'kuima pakhomo ndi khofi, akumuuza pamene wasiya. Injini inatsokomola, kenako inalira. Delphine anabwerera chammbuyo mpaka pa bokosi la makalata. Atayang'ana, chitseko chinali chotseka kale. Analoza kumwera, akuyendetsa pang'onopang'ono, kuopa kuti china chingasweke Lolemba lisanafike.